Dzina Limene a Malachy Sankatchula

Chisomo ndi Mphatso, ana anga, mumandiseka kuti ndikayamba kukamba za andale ndimatsitsa mawu, ngakhale ndili m'khitchini mwanga momwe, chitseko chili chotseka. Sekani, ndi ufulu wanu. Inu munakulira kumene mwana wasukulu amajambula ndevu pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, n'kubwerera kwawo kukadya bwinobwino. M'mutu uno ndikuuzani za funso limodzi lomwe ndinalipeza pa ntchito yanga yoyamba, n'kudzalipezanso ku Dublin tsitsi litayamba imvi, komanso za mkulu wina amene tsogolo lake linatsamira pa funso limenelo.

1984 mpaka 1994, Ntcheu

Unamwino ndinauyambira pa kachipatala kena m'boma la Ntcheu, ndili mtsikana wa kapu yoyera yogwira sitachi, wodzimva kuti ndikudziwa zonse. Amene ankatiyang'anira anali a Matron Nachisale, mayi wamfupi wa mawu okhuthala, woti akatsokomola kukhonde tonse tinkaimirira. Zinthu zinali zosowa. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa chingwe ngati matewera, majakisoni tinkawiritsa mpaka nsonga zake kubuntha, ndipo ambulansi inkayenda mwezi umene mafuta apezeka.

Tsiku lina anabweretsa bambo amene anagwa pa njinga n'kumenyetsa mutu pamwala. Buku lathu la kusukulu, lolembedwa ku Mangalande, linkati wovulala mutu umufunse mafunso anayi kuti uone ngati nzeru zili m'malo: dzina lake, kumene ali, tsiku, ndiponso dzina la nduna yaikulu ya dziko. Ine ndi changu changa ndinafunsa atatu oyambawo, ndipo ndikutsegula pakamwa kuti ndifunse lachinayi, a Matron anandiponda chala cha kuphazi. Atandikokera kuseri anati, "Iwe Ethel, funso limenelo muno sitifunsa. Munthu wasokonezeka mutu atha kuyankha chilichonse, ndipo sukudziwa amene wagona bedi linalo. Ukufuna ife tichize mutu, ena adzanyamule thupi lonse?" Kuyambira tsiku limenelo ndinkafunsa atatu okha.

Mudziwe kuti dziko lathu linakhalapo ndi nduna yaikulu, imodzi yokha, kwa zaka zochepa pa nthawi imene tinkalandira ufulu. Munthu yemweyo ndi amene anadzakhala pulezidenti, kenako pulezidenti wamuyaya, ndipo chithunzi chake chinali pakhoma la wodi iliyonse, sitolo iliyonse. Agogo anu aamuna, bambo anga, sankatchula dzina lake. Mng'ono wawo, yemwe anali mphunzitsi, anatengedwa pa galimoto ya boma osabweranso, ndipo kuchokera pamenepo bambo anga ankangoti "mwini dziko," akuloza ndi mlomo chakumwamba. Mu 1994 tinavota, boma linasintha, ndipo mesenjala wathu anatumidwa kukatsitsa chithunzi chija. Anakwera pampando akucheukacheuka ngati akuba nkhuku. Pakhomapo panatsala malo oyera a ngodya zinayi, ndipo panapita miyezi tisanapeze penti.

2003 mpaka 2007, Dublin

Ndinabwera ku Ireland pa nthawi imene ankasakasaka anamwino kulikonse. Tinapeza nyumba ya lendi cha ku Beaumont, bambo anu anapeza ntchito yokonza m'ndege ku eyapoti, ndipo ine ndinalembedwa pa chipatala china chaching'ono kumpoto kwa mzinda, kumene okalamba ankabwera kudzapezako mphamvu akachoka ku opaleshoni. Dziko linali pa ndalama. Kulikonse ankamanga, achinyamata ankagula nyumba ziwiriziwiri, koma mabedi m'zipatala anali osakwana, ndipo anthu okathandiza nkhalamba kunyumba kwake anali osowa ngati mchere wa m'chaka cha njala. Choncho wokalamba akachira, funso lalikulu linali lakuti apite kwawo kapena ku nyumba yosungirako okalamba. Wopita kumeneko kawirikawiri sankabwerako.

Bwana wanga anali Sister Bernie, mayi wamtali wofulumira kulankhula, wokalipa m'mawa n'kukugulira tiyi masana. Sabata yoyamba anandipatsa mafunso oyesera nzeru za odwala, ndipo ndinaona funso lija lili pomwepo, likundidikira: Taoiseach ndani? Umu ndi mmene amatchulira nduna yaikulu m'chinenero chawo. Pulezidenti aliko, koma woyendetsa boma ndi ameneyu. Tsiku loyamba kufunsa ndinayamba ndayang'ana bedi la kumanja ndi la kumanzere. Gogo wina wamkazi anayankha dzinalo mokweza, n'kuwonjezerapo mawu oti sindingalembe m'buku lowerenga ana anga, ndipo wodi yonse inaseka. Ine ndinacheukira kuchitseko. Sister Bernie anangoti, "Ameneyo ali bwino, lembani kuti wakhoza."

Munthu mmodzi anali atakhala pampandowo kuyambira mu 1997, kotero yankho linali losavuta. Mu 2007 kunali chisankho, ndipo nkhope za andale zinapachikidwa pa mapolo onse a magetsi, ina pamwamba pa inzake, zikunyowa ndi mvula. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza bambo anu akuseka okha.

"Amake Chisomo, kunabwera munthu pa door pano, wa suit, ati akupempha kuti ndidzamuvotere number one. Ndamuuza kuti ine vote ya general election ndilibe, koma wandigwirabe chanza, ati thanks very much. Ndimayang'ana pa poster paja, ndi yemweyo!"

"Sanasiye ngakhale nsalu?"

"Nsalu yachani? Ka leaflet basi. Andale a kuno ngoumira."

Chisankho chinatha, nduna yaikulu yomwe ija inabwereranso pampando, ndipo mapositala anatsitsidwa popanda wocheukacheuka.

Febuluwale mpaka Epulo 2008

A Malachy anabwera kwa ife atathyoka fupa la m'chiuno. Anali msodzi wopuma wa ku Skerries, katauni ka doko kumpoto kwa Dublin, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, manja ngati makungwa a mtengo. Akazi awo anali atamwalira, ndipo ankakhala okha m'kanyumba kamene anabadwiramo, koyang'ana kumene maboti amakocheza. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti, "Sister, mundikonze msanga. Ine ndikafera pa mpando wanga, pawindo langa." Chimene ankafuna chinali chimenecho basi, ndipo mwendo unkachira bwino.

Vuto linali funso lija. Madotolo achinyamata ankasinthanasinthana, ndipo aliyense akafunsa kuti Taoiseach ndani, a Malachy ankayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Uja." Akawakakamiza ankati, "Uja, mukumudziwa." Ndiye dotolo ankalemba kuti sakudziwa. Zimenezi zikachuluka m'faelo, munthu saloledwa kukakhala yekha.

Ine ndinkayenda nawo m'khonde masana aliwonse, atagwira chitsulo choyendera, ndipo m'maulendo amenewo ndi mmene ndinaphunzirira mbiri ya maboma a dziko lino, kuposa mmene inu munaiphunzirira kusukulu. Anandiuza kuti zipani ziwiri zazikulu za kuno zinabadwa m'nkhondo yapachiweniweni, dziko litangolandira ufulu. "Mukafunsa kusiyana kwake lero, palibe angakuuzeni," anatero, "koma aliyense amadziwa mbali imene agogo ake anaima." Bambo awo anataya mchimwene wawo pa nkhondo imeneyo, ndipo analamula kuti m'nyumba mwawo dzina la mtsogoleri wa mbali inayo lisadzamveke, iye ndi onse odzalowa m'malo mwake. A Malachy analonjeza ali mnyamata, ndipo anasunga. Tsoka lake, mbali inayo ndi imene inalamulira zaka zambiri.

Atsogoleri onse ankawagawa pawiri, athu ndi awo. Athu ankawatchula maina onse, n'kunena boti limene anali nalo pa nthawiyo ndi mtengo wa nkhanu. Awo anali uja woyamba, uja wachiwiri, uja wina. "Athu akalowa tinkapumako," ankatero akuseka, "zaka zingapo zotchula mtsogoleri ngati anthu, kenako awo n'kubwerera, pakamwa n'kutsekanso." Anandisimbira za nthawi ina cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pamene anavota katatu chaka chimodzi ndi theka chisanathe, boma likungotembenuka ngati chitumbuwa m'mafuta. Ndinawauza kuti pa nthawi imeneyo ife tinali ndi mmodzi yemweyo, ndipo tinkamuvinira. Anaima, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Ndiye munapirira, mwana wanga."

Ndinawakonda mkulu ameneyu, ndinene poyera. Kukhala chete kwawo ndinkakudziwa kuchokera kwathu, ndipo ndinapita kwa Sister Bernie kukawauza kuti munthuyu sanaiwale, akukana dala. Iwo sanadabwe. "Mabanja otere ndikuwadziwa, amalume anga anali chimodzimodzi," anatero. "Ndilemba zimenezo. Koma dotolo wamkulu akadzabwera adzafuna kumva ndi makutu ake, ndipo mwana wa a Malachy ali ndi mantha." Mwanayo anali Nuala, mayi wa ana awiri aang'ono, wokwera sitima m'mamawa kupita kuntchito m'tauni n'kubwerako kutada. Sanali munthu woipa. Ankabwera Loweruka maso ali ofiira ndi tulo, n'kundifunsa motsitsa kuti, "Akadzasiya gasi woyaka, adzazimitsa ndani?"

Panalinso tina timene ndinkaona. Kawiri anandifunsa ngati galu wawo wapatsidwa chakudya, pamene Nuala anali atandiuza kuti galuyo anafa kalekale. Tsiku lina anavala juzi pamwamba pa jekete. Ndinkati ndi ukalamba chabe, ndi kukhalitsa m'chipatala, pakuti ngakhale wanzeru zake akagona m'wodi miyezi iwiri amasokoneza Lachiwiri ndi Lachinayi. Ndipo munthu wokumbukira mtengo wa nkhanu wa zaka makumi anayi zapitazo, ndinkadzifunsa, angakhale bwanji wodwala mutu?

Kumayambiriro kwa Epulo wailesi inalengeza kuti nduna yaikulu itula pansi udindo mwezi wotsatira. A Malachy anamenya chitsulo chawo pansi ndi chimwemwe, koma atamva kuti wolowa m'malo achokera chipani chomwecho anangoti, "Uja wina." Apa ndi pamene ndinaganiza zowanyengerera. Tinakhala pa benchi ya kumapeto kwa khonde, pawindo.

"Bambo Malachy, dotolo wamkulu akadzabwera, mudzatchule dzinalo. Kamodzi kokha."

"Sister, inu simungamvetse."

Ndinawauza za bambo anga, za mng'ono wawo mphunzitsi, za kuloza ndi mlomo. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ndiye bambo anuwo anadzatchula?"

"Ayi. Anamwalira asanatchule."

"Nanga ine mukundiuziranji kuti nditchule?"

"Chifukwa iwo anamwalirira m'nyumba mwawo. Inu mukapanda kutchula, yanu simudzaionanso."

Panapita masiku awiri. Ankadya pang'ono, ndipo wansembe atabwera anakhala naye nthawi yaitali makatani atatseka. Kenako m'mawa wina ndikuwayeza magazi anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Kamodzi. Ndidzatchula kamodzi, bambo anga andikhululukire, ndipite kwathu."

Kunyumba ndinafotokozera bambo anu ndikumwetulira, koma iwo anapukusa mutu. "Amake Chisomo, samalani. Musamulonjeze munthu zinthu zoti decision yake si yanu." Ndinati sindinalonjeze kanthu, ndangomuthandiza. Iwo anati, "Inu mukuti simunalonjeze. Nanga iye wamva chiyani?" Ndinakwiya, ndipo tinadya osalankhulana.

Meyi 2008

Dotolo wamkulu anali mmodzi yekha woyendera zipatala zingapo, ndiye msonkhano wa a Malachy unkangosunthidwa mpaka unafika m'Meyi. Pofika nthawiyo nyumba ya malamulo inali itasankha nduna yaikulu yatsopano. Panalibe chisankho cha dziko lonse, panalibe asilikali m'misewu, wina anangotuluka wina n'kulowa ngati mmene timasinthanirana shifiti. Ndinaonera pa kanema wa m'wodi ndikugawa mankhwala, ndipo mtima unandiwawa pang'ono pokumbukira kuti kwathu zoterezi tinazidikira zaka makumi atatu. Dzina latsopanolo linali pa wailesi m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo kawailesi ka a Malachy sikankazima.

M'mawa wa msonkhanowo ndinawameta ndevu, n'kuwaveka malaya oyera amene Nuala anabweretsa. "Mukukumbuka kuti asintha, eti? Ndi watsopano uja," ndinatero. Iwo anati, "Ndikudziwa, ndikudziwa, musandiyese mwana."

M'chipindamo munali dotolo wamkulu, Sister Bernie, Nuala, ine ndi iwo. Dotoloyo anali bambo wofatsa, ndipo anali atawerenga zimene Sister Bernie analemba za lonjezo lija. Anafunsa za mwendo, za masitepe a kunyumba, za amene amawagulira mkaka, ndipo a Malachy anayankha bwino ndithu, mpaka kumuseketsa. Kenako dotolo anati, "Ndamva kuti funso ili ndi lolemera kwa inu, ndipo sindikufunsa mwachipongwe. Taoiseach ndani lero?"

A Malachy anawongola msana. Anachita chizindikiro cha mtanda, ndipo anayang'ana kwa ine. Ndinagwedeza mutu. Ndiye anatchula dzina, lonse lathunthu, momveka bwino, ngati munthu amene akulavula fupa limene lakhala pakhosi moyo wake wonse.

Silinali la watsopano uja. Silinalinso la amene anali atangotula pansi. Linali la uja woyamba, amene bambo awo ankadana naye, munthu amene anachoka pa mpando umenewo Nuala asanabadwe ndipo anamwalira kalekale.

Dotolo anafunsa mofatsa ngati akunena za kale kapena za lero. "Za lero," anatero a Malachy. "Ndi yemweyo, sachoka ameneyo." Sankaseka, ndipo sankachita mwano. Ndinawadziwa mokwanira kuti ndione kusiyana kwake. Nuala anagwira pakamwa. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti mawu aja akuti "uja" ankabisa zinthu ziwiri, lonjezo ndi matenda, ndipo mwina ngakhale eni akewo sankadziwa pamene china chathera ndi pamene china chayambira. Ndinalira mvula, ndipo matope ake anali amenewa.

Dotolo anati yankho limodzi silingagamule moyo wa munthu, ndipo anatembenukira kwa ine. "Sister Ethel, inu mwakhala nawo tsiku ndi tsiku kuposa tonsefe. Mwaonapo zina? Angathe kukhala okha?"

Ndikanatha kunena kuti atopa, kuti dzinalo lawatuluka chifukwa ndi limene analisunga nthawi yaitali. Mbali ina zikanakhala zoona, ndipo ndikukhulupirira kuti dotoloyo akanandimvera, pakuti bedi linkafunidwa ndi ena. A Malachy akanapita ku Skerries sabata yomweyo. Koma m'maganizo ndinaona galu uja, ndi juzi lija, ndi masitepe, ndi gasi, ndi Nuala ali m'sitima foni ili m'manja. Anthu okawathandiza kunyumba akanapezeka ola limodzi patsiku, mwinanso osapezeka. Ndakhalapo pa maliro a odwala ambiri, koma sindinamvepo pakamwa panga kulemera ngati tsiku limenelo. Ndinanena za galu, ndinanena za juzi. Kenako ndinati, "Ayi, adokotala. Okha sangathe."

Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ndinayankha zoona, ndipo atandifunsanso ndingayankhe chimodzimodzi. Koma musadzamvere munthu wokuuzani kuti ukanena zoona mtima umapepuka. Malo anapezeka patapita milungu ingapo, ku nyumba ina yosungirako okalamba ya kumtunda, kutali ndi nyanja, chifukwa za kufupi ndi kwawo zinali zodzaza. Kanyumba ka pa doko kaja sanakalowemonso.

Msonkhano utatha, Nuala anatsalira kuti alankhule ndi dotolo, ndipo ine ndinawakankha a Malachy pa njinga ya odwala kubwerera ku wodi. Sanamvetse zimene zinagamulidwa. Anali opepukidwa, akupukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja, ngati munthu amene watula katundu. Titafika pa benchi ya pawindo ija anakweza dzanja kuti ndiime, n'kutembenuza khosi kundiyang'ana.

"Ndatchula, Sister. Mwamva?"

"Ndamva, bambo. Mwatchula."

"Silinali lophweka."

"Ndikudziwa."

Anagwedeza mutu, n'kukonza kolala ya malaya oyera aja. "Chabwino. Ndiye mumuuze Nuala abweretse makiyi. Tinyamuka nthawi yanji?"